Singano Zitatu M'chikhakha Changa

Mukadzaona amayi akhala pakhonde akuluka, ine n'kudutsa nkhope ili kumbali ngati wina wandiitana, musamati ndine wamwano. Pali mbiri yake, ndipo poti ena mwa inu munaimva kale mokhotakhota, bola ndiinene ndekha mwiniwakene.

Zinali zaka zija eriyo ya TV tinkaimangirira kunsungwi, tikukhala pa lendi ku Area 25, nyumba zinayi mumpanda umodzi, mpopi umodzi. Loweruka lina ndinakwera padenga kukatembenuza eriyo kuti mpira uoneke bwino, ndipo ndinatsika msanga kuposa mmene ndinakwerera. Fupa la msongolo linathyoka. Mpirawo ndinamva kuti unatha osagoletsana.

Kuchipatala chachikulu, dokotala wa mafupa, bambo wamfupi wolankhula mosathamanga, anandifunsa ngati ndingalole kulowa m'kafukufuku wawo. Anati akufuna kudziwa chimene chimalumikiza fupa msanga, kaya ndi chikhakha chachitali chofika m'ntchafu, munthu n'kukhala osaponda, kapena chachifupi cholekeza pabondo, munthu n'kuyamba kupondako pakapita masabata ochepa. Iwo eni yankho sankalidziwa, n'chifukwa chake ankafufuza, ndipo wosankha sanali dokotala kapena wodwala koma envulopu yomata. Ine sukulu ndinalekeza fomu thu, ndiye kumva kuti mwendo wanga uphunzitsa madokotala, mukuganiza ndikanakana? Ndinasaina fomu mwa ulemu wake. Envulopu inati chachitali.

Malamulo anandipatsa atatu: osanyowetsa, osaponda, ndiponso osalowetsamo kanthu kalikonse ngakhale muyabwe chotani. Lachitatulo ndinaliseka mumtima. Munthu wamkulu, wa mwana wa kusekondale, angalowetse chiyani m'chikhakha? Pofika kunyumba ndinawakhazika pansi akazi anga, mayi a Mphatso, n'kuwauza kuti mwendo uwu si wathunso, ndi wa kafukufuku, asamauyandikire ndi ndowa ya madzi. Aneba onse obwera kudzandizonda ndinkawafotokozera za envulopu ija mpaka ena anasiya kubwera.

Amene sanasiye ndi aNambewe, mayi wamasiye wa khomo loyandikana nafe. Akazi anga ankalawirira kumsika kukagulitsa kaunjika, Mphatso anali kusukulu yogonera komweko, ndiye cha m'ma teni aNambewe ankandibweretsera phala la nsinjiro, n'kukhala pang'ono pampando wa pafupi ndi chitseko akuluka. Awiriwa anali pachibale chenicheni ngakhale sanali a mimba imodzi. ANambewe ndi amene anawaphunzitsa akazi anga kuluka tinsalu ta pamipando tija, ndipo madzulo ankakhala limodzi pakhonde, aliyense ndi singano yake yachitsulo, zija zazifupi zokhala ndi kangowe kumapeto.

Sabata yachitatu kutupa kunaphwa, chikhakha chinayamba kukhwepa, ndipo kuseri kwa bondo kunayamba kuyabwa ngati mwalowa linthumbu. Ndinamenya chikhakha ndi chikhatho, ayi ndithu. Ndinakanda mwendo wabwinowo poganiza kuti mwina uthenga ukafika, ayi ndithu. Ndiye maso anga anagwera pa kabasiketi ka akazi anga kali pansi pa tebulo. Maganizo anga anali abwino kwambiri: kukanda kamodzi kokha, mwaulemu, n'kubwezera singano pamalo pake, sayansi osadziwa kanthu.

Abale inu, kukoma kwake! Ndinatsinzina, n'kumakankhira pansi pang'ono, pang'ononso, mpaka zala zinatsala zikugwira mphepo. Singano inatsetsereka n'kukakhala kukatumba, yozizira bwino.

Sindinatekeseke. Ndinati chinthu cholowa chokha chimatulukanso chokha, ndiye ndinagona chagada pansi, mwendo n'kuutsamiritsa kukhoma, n'kumaugwedeza ngati munthu wokutumula mchere m'botolo. Akazi anga anandipeza choncho. Ndinawauza kuti adokotala anati mwendo uzikhala m'mwamba, zomwe zinali zoona, kungoti sananene kuti mutu uzikhala pansi pa tebulo. Madzulo amenewo anafunafuna singano yawo, anakutumula kabasiketi, anasesa pansi pa mipando, ine ndikuwathandiza ndi maso.

Tsiku lotsatira ndinaganiza mwanzeru. Singano ili ndi ngowe, ndiye chingakoke singano n'chiyani kuposa singano inzake? Ndinatenga yachiwiri, yokulirapo, n'kuyamba kuwedza. Ndinaimva ikugunda inzake, ndinamva ngati yakola, ndinakankhanso pang'ono kuti ikole bwino, basi nayonso inapita kukacheza ndi mnzake.

Ulendo uno mayi a Mphatso sanasese. Anaima pakati pa nyumba manja m'chiuno, n'kundifunsa kuti masana m'nyumba muno mumalowa ndani.

"ANambewe okha," ndinayankha.

Tamverani, sindinaname. Ndi aNambewe okhadi amene ankalowa. Koma ndinaona mmene nkhope ya akazi anga inasinthira, ndinadziwa kumene maganizo awo alowera, ndipo ndinangoyang'ana kalendala. Mungandifunse kuti bwanji osangoulula. Ndiulule chiyani, ine amene ndinawakhazika pansi n'kuwaphunzitsa malamulo atatu? Komanso ndinkaopa kuti zikamveka kuchipatala andichotsa m'kafukufuku, mwendo wanga n'kubwerera kukhala mwendo wamba wa munthu wogwa padenga. Amati wakwata kwa mphenzi saopa kung'anima, koma amene ananena mawuwo sanawaone mayi a Mphatso atakwiya. Singano zotsalazo anaziika m'chikwama n'kumapita nazo kumsika.

M'mawa mwake aNambewe anabwera ndi phala monga mwa masiku onse, analuka pang'ono, kenako anakumbukira kuti asiya nyemba pambaula, anathamanga n'kusiya zoluka zawo pampando. Ndinaiyang'ana singano yawo, yakale, yopindika pang'ono pakati. Ndinati ndikangotulutsa ziwiri zija nkhani yonse yatha, aNambewe apulumuka, ndiye kwenikweni ndikuwathandiza iwowo. Ulendo uno ndinachenjera, ndinaimangirira ulusi kuti ikathawa ndiikoke. Ndinalowetsa, ndinawedza, inathawa, ndinakoka ulusi. Ulusi unabwera wokha.

ANambewe atabwerako anayang'ana pampando, anayang'ana pansi, anandiyang'ana ine. Ine ndinali pa kalendala. Anatola ulusi wawo ndi mbale n'kutuluka.

Madzulo a tsiku lomwelo nkhani inaphulika pampopi. Sindinaone, koma makoma a nyumba za lendi mumawadziwa. Akazi anga sanatchule dzina, anangolankhulira m'mwamba kuti pali anthu ena amabwera ndi phala kudzanja lamanja, lamanzere likugwira ntchito ina. Mpanda wonse unamva, ndipo aliyense ankadziwa amene amaphika phala. Ndinangomva ndowa ya aNambewe ikudzaza, kenako chitseko chawo.

Kuyambira pamenepo pakhonde panalibenso oluka. Amayi a makomo enawo anayamba kuanula zovala aNambewe akamadutsa. Chimene chinkandipweteka n'choti phala silinasiye. Cha m'ma teni ndinkamva kugogoda kamodzi, ndikafika pakhomo ndi ndodo zanga n'kupeza mbale yovundikira ili pansi, mwiniwake palibe. Ndinkachita manyazi kwambiri. Koma phalalo ndinkamwa, ndinene zoona, ndipo ndinkamaliza.

Masabata atatu anatha choncho. Kuyabwa kunasanduka kubaya, ndipo kukatumba kunayamba kutentha, koma ndinkati ndi fupa likulumikizana.

Tsiku lokajambulanso mwendo linafika, akazi anga anatseka benchi yawo ya kaunjika kuti andiperekeze. Tinalimbana ndi kondakitala wa minibasi chifukwa mwendo wanga unkafuna mipando iwiri. M'njira monse sizinandibwerere m'mutu kuti makina oona fupa m'kati mwa mnofu angaonenso chitsulo m'kati mwa chikhakha. Fomu thu ija ndi imeneyo.

Atandijambula tinalowa kwa dokotala uja, ndipo tsiku limenelo anali ndi ophunzira asanu ovala zoyera. Anayamba ndi mafunso a pa fomu. Mwanyowetsa? Ayi. Mwaponda? Ayi. Mwalowetsamo kanthu? Ndinati ayi, mawu osanjenjemera n'komwe. Akazi anga anawonjezera kuti pa nkhani ya malamulo adokotala asade nkhawa, bambo awa ndi amene amatiphunzitsa tonse kwathu.

Dokotala anapachika chithunzi pa galasi lowala lija. Fupa langa linaoneka bwinobwino, ndipo pambali pake panali mizere itatu yoyera mbee, iwiri yopingasana, wachitatu uli pawokha. Dokotala anayang'ana dzina pachithunzi, anayang'ana fayilo, kenako anandifunsa ngati ndinapita kuchipatala china kukachitidwa opaleshoni, chifukwa anthu oikidwa zitsulo sali m'kafukufuku ameneyu. Wophunzira wina anayamba kufotokoza mwa Chingerezi mtundu wa zitsulo zimene akuganiza kuti ndi zimenezo, mnzake n'kumutsutsa kuti zoterozo sizikhala ndi ngowe.

Amene anamaliza kafukufukuyo ndi mayi a Mphatso. Anadzuka pampando, anayandikira galasi, n'kuloza ndi chala.

"Iyi ndi yanga yaing'ono. Iyi ndi yanga yaikulu." Anaima kaye pa yachitatu. "Iyi yopindikayi ndi ya aNambewe."

Sanakuwe, sananditukwane, anangobwerera pampando n'kuika chikwama pamiyendo. Ndikanakonda akanakuwa.

Chikhakha anachidula ndi sowo, ndipo singano zinagwera m'beseni lachitsulo imodziimodzi, ophunzira aja akuyang'ana kudenga kuti asaseke. Kukatumba kunali chilonda chonyeka ndithu. Dokotala anati ndikanachedwa sabata ina bwenzi tikukamba nkhani ya mafinya, osati ya fupa. M'kafukufuku sanandichotse. Anangofufuta "ayi" wanga uja n'kulemba zoona, n'kundiuza mosathamanga kuti kuyabwa akudziwa kuti kulipo, ndipo nakonso akufuna kudziwa kuti kumavutitsa angati, koma fomu yabodza imawasokeretsa iwo pamodzi ndi odwala onse obwera m'mbuyo mwanga. Kenako anapempha ngati ndingalole kuti chithunzicho azikaphunzitsira, dzina langa atalibisa. Akazi anga ndi amene anavomera.

Titatsika minibasi akazi anga sanalowere kunyumba kwathu, anandiimika pakhomo pa aNambewe, nthawi yoti mpanda wonse uli panja, iwo n'kugwada pakhonde singano zitatu zili m'manja, misozi ikutsika. Anapepesa mokweza, kuti onse amene anamva zapampopi amvenso izi. Atatha ananditembenukira n'kunena kuti tsopano alankhule a kafukufuku.

Mutu ukakula sulewa nkhonya. Ndinafotokoza zonse nditatsamira ndodo, kuyambira pa kuyabwa mpaka pa ulusi wobwera wokha. Wina kumpopi anaseka mpaka anakhala pansi. ANambewe sanaseke.

"Ine ndimadziwa, bambo a Mphatso," anatero. "Tsiku lija pobwera kuchokera kunyemba ndinakuonani pawindo, lilime lili panja, mukukoka ulusi."

Akazi anga anawafunsa kuti nanga bwanji sananene, n'kulola kutchedwa wakuba masabata atatu athunthu.

"Ndikananena ine, bwenzi ndikuwayalutsa amuna anu pamaso panu. Ndinati ndi bambo wamkulu, anena yekha. Ndimati mwina phala liwakumbutsa."

Apo ndiye ndinasowa poyang'ana, chifukwa panja palibe kalendala. Kugwa padenga kuja sikunandipweteke ngati mawu amenewo.

ANambewe anadzutsa akazi anga, anawapukuta misozi ndi nsonga ya chitenje, n'kutenga singano ziwiri kuwabwezera. Yopindika ija anaiyang'ana, anainunkhiza, n'kunditambasulira ine.

"Iyi sungani, bambo. Mwendo winawo ukadalipo."

Ndinaisungadi, ili m'kabati mpaka lero, ndipo fupa linalumikizana bwino lomwe. Kuti pa zikhakha ziwiri zija chinapambana ndi chiti, sindinafunse, ndinaona kuti gawo langa pa sayansi ndinalikwaniritsa. Koma ndinalumbira kuti ngakhale ndidzathyoke miyendo yonse iwiri, kuyabwe mpaka m'mafupa, ndidzangoluma pilo. Ndipo akazi anga akadzafunsanso kuti m'nyumba muno mumalowa ndani, ndidzayamba ndatchula amene satulukamo, ineyo.