Ndege ya Goliati ndi Nkhokwe ya Apongozi

Inu, ulemu ndi wabwino, koma musamapite nawo pa injini.

Zaka zija za makadi a chipani, Goliati, makaniko wa zigayo wa ku Balaka, anali mkamwini ku Nselema. M'malo molima munda wa apongozi ngati amuna anzake, katswiri wathu ankakhoma ndege kuseri kwa nyumba: malata, mapaipi a njinga, injini ya njinga yamoto, kutsogolo chopukusa mphepo chosema ku mlombwa. A Chande, malume a mkazi wake Scholastica, anali atachenjeza kale: "Mukangowononga kanthu pamudzi pano, munyamule mkeka wanu."

Koma za kusamala, eee, ankazidziwa bwanji! Tsiku loyesa injini anathamangitsa ana, miyala kumatayala, ndowa ya mchenga pambali, mchira wa ndege n'kuumangirira kumwendo wa nkhokwe ya apongozi.

"Osamanga kumtengo wa mango bwanji?" anafunsa Scholastica.

"Iyayi, pamenepo m'poyera, a yufi, anyamata a chipani aja, angafunse khadi la ndegeyi. Ine ndili pompano. Ikachita mwano, ndizimitsa."

Anapukusa. Phu! Phu! Vuuu! Nkhuku zinabalalika. Goliati anakoka waya wa mafuta mpaka kumapeto, n'kuukoletsa pamsomali kuti amvetsere bwino kulira kwake, mutu atapendeketsa ngati dokotala.

Ndiye tamverani. Apongozi aakazi, a Binti Swaibu, anangotulukira pangodya ndi lichero, maso ndi maso! Mkamwini woleredwa bwino amatani? Goliati anadumphira m'chinangwa, n'kugwada chozolika.

"Zimitsani!" anakuwa Scholastica.

"Ayambe adutsa amayi!"

Adutsa bwanji amayiwo, nawonso atatembenukira kukhoma mwaulemu, kudikira kuti mkamwini adutse?

Ndege sinaleredwe ndi munthu, sinadikire. Inalumpha miyala, inazula mwendo uja, nkhokwe khuu! Chimanga cha chaka chonse mbwee, mbuzi za mudzi wonse zikuthamangira kuphwando. Ndegeyo inakaima yokha m'dzenje la zinyalala.

Pamlandu a Chande anatsokomola kaye. "Ulemu ali nawo mwanayu, palibe angatsutse. Wotere sitinauonepo chibadwire. Akawaonetseko akwawo ku Balaka, mawa lomweli."

Goliati mtima unamuwawa zedi, misozi ili lengelenge. Koma poti ayankhula ndi akuluakulu, anawomba m'manja kuthokoza.