Makingi Atatu ndi Tsitsi Losaluka

Lamlungu, 13 Okutobala

Ndinadzuka ndi chiyembekezo chachikulu, ndipo ndikadadziwa ndikadangokhala m'bulangeti. Mawa kusukulu akutijambula zithunzi za chaka chomaliza, zimene amayi atumize kwa agogo ku Dedza, koma tsitsi langa likuoneka ngati waya wokwechera mapoto.

Titatuluka m'tchalitchi tinapita kwa amalume ku Bradford. Anti a Banda, a ku Zambia, amene amagwira ntchito yosamalira okalamba, anabwera kudzatiluka tsitsi ine ndi msuweni wanga Tadala. Atangofika anati awaitana kushifiti ya faifi koloko, nthawi ikwanira mutu umodzi basi. Amalume anati tisakangane, tisewere makhadi, masewera a Omaha, wotha nyemba za mnzake ndiye alukidwe. (Amayi amati makhadi ndi juga, koma amalekerera chifukwa timasewerera nyemba, zomwenso amaphika Lolemba.)

Pa Omaha munthu amalandira makhadi anayi, asanu amayalidwa patebulo, ndipo umaphatikiza awiri ako ndi atatu apatebulo. Amalume amati makhadi abwino ndi amene amagwetsa munthu, chifukwa mnzakonso ali ndi anayi ake, choncho luso ndi kudziwa nthawi yowataya. Mawu amenewa ndinawalemba m'buku lino mwezi watha. Pansi pake ndinalembanso chinsinsi chimene ndinatulukira ndekha: Tadala anabadwira kuno ndipo amayankha m'Chingerezi nthawi zonse, koma akagwira makhadi amphamvu amasanduka waulemu n'kuyamba Chichewa.

Ulendo wachinayi ndinalandira makingi awiri. Patebulo panagwa kingi wachitatu. Ndinakankha nyemba zambiri, Tadala n'kutsatira. Khadi lachinayi, ndinaonjezanso, iye osabwerera. Khadi lomaliza litagwa, makhadi amitima patebulo anakwana atatu. Ngati Tadala anali ndi amitima awiri m'manja, makingi anga anali opanda ntchito, chifukwa amitima asanu amaposa makingi atatu.

Tadala anakankha nyemba zake zonse ndi manja awiri, n'kuweramitsa mutu.

"Pepani asisi, ndaika zonse. Mundikhululukire."

Ndinaganiza nthawi yaitali mpaka anti anayamba kuyang'ana wotchi. Kenako ndinataya makingi anga, ndikudziona ngati munthu wokhwima nzeru. (Ndinayang'ananso amalume kuti andiyamikire. Iwo anangotseka maso.)

Tadala anatembenuza makhadi ake. Munalibe wamtima ndi mmodzi yemwe, munalibe chilichonse. Nyemba zitatu zimene zinanditsalira zinapita ulendo wotsatira.

Ali pampando, anti akumugawa tsitsi ndi chipeso, ndinamufunsa chimene anayankhulira Chichewa alibe kanthu. Anayankha m'Chingerezi kuti Lamlungu lapitalo ndinaiwala buku langa pasofa. Ndinati sangathe kuwerenga Chichewa. Anati chinamutengera masiku atatu, ndipo mawu ovuta ankafunsa bambo ake.

"Iwe, ine ndimaona ngati mwana akuphunzira chiyankhulo," anatero amalume, osandiyang'ana.

Anti anaseka mpaka chipeso chinagwa. Ine sindinaseke. Zaka zonsezi ndakhala ndikumunyoza Tadala kuti sadziwa kwawo, ndipo tsiku limene waphunzira, waphunzirira pa ine.

Ndikulemba izi pabasi yobwerera ku Leeds, chipewa chili kumutu. Mawa ndidzuka faifi koloko, ndidzola mafuta, ndimanga tsitsi kumbuyo mmene ndingathere, ndipo pojambula ndikaima mzere wakumbuyo pafupi ndi anyamata aatali. Agogo ndiwalembera kalata yowafotokozera kuti ndi fashoni ya kuno.