Mlombwa wa M'munda mwa Apongozi

Ndikadapanda kuwerenga za dzuwa, bwenzi lero ndili pabanja. Nkhaniyi ndimainena moseka, koma mumtima simuseka ayi.

Nthawiyo ndinkaphunzitsa Física ku Furancungo, kwinaku ndikulemba monografia, kafukufuku womalizira maphunziro anga. Mutu wake udali carbono-14. Mwachidule, kuchokera kutali mlengalenga kumabwera cheza champhamvu, ndipo chikagunda mpweya wakumwambaku chimapanga carbono ameneyu. Dzuwa likalusa n'kuchita madontho ambiri, mphepo yake imakankha chezacho, carbonoyo n'kuchepa. Likafatsa amachuluka. Mitengo imam'meza chaka ndi chaka n'kumusunga m'mizere ya thunthu. Ine ndinkangofuna kachidutswa ka mlombwa wakale koti kakapimidwe, ndipo aphunzitsi anga adandibwereka chiboolero chachitsulo. Vuto n'lakuti milombwa ikuluikulu kwathu kuno idatha, ina matabwa, ina zigafa za fodya.

Loweruka lina Lucrécia, mtsikana amene ndinkafuna kukwatira, adanditengera kwawo ku Chidzolomondo kuti makolo ake akandione. (Chiboolero chidali m'chikwama. Musandifunse chifukwa chake.) Adandilandira bwino, nkhuku idafa. Amalume ake adandifunsa za kwathu, ine kuyankha maso ali pansi monga achitira mkamwini woleredwa bwino.

Titadya, akuluakulu adapita kuseri kukakambirana za ine, ndipo ndidatuluka kukawongola miyendo. Pakati pa munda wa chimanga ndidangoona mlombwa waukulu, uli wokhawokha, pansi pake posesedwa bwino. Munthu wanzeru akadadzifunsa kuti mtengo wotere udapulumuka bwanji nkhwangwa m'mudzi wa alimi a fodya. Ine ndidangoti Mulungu wandikumbuka, n'kuthamangira chikwama.

Ndidaboola mpaka pamtima pake. Zoti utomoni wa mlombwa ndi wofiira ngati magazi ndinkazidziwa, koma za m'buku. Udayenderera pakhungwa, m'manja, mpaka pamalaya oyera amene ndidasita m'mawa wonse.

Pocheuka, amayi ake a Lucrécia ali chiimire kumbuyo kwanga. Sadakuwe. Ine chifukwa cha mantha ndidayamba kuphunzitsa (ndi matenda athu aphunzitsi): za dzuwa lolusa, za madontho, za cheza, zoti kabowo kotere sikapha mtengo. Adandimvetsera mpaka mawu adanditheratu.

"Senhor professor," adatero motsitsa mawu, "pamene mwapondapo pagona mwana wanga wachisamba. Tidamuika mothamanga tsiku lomwe tinkathawa nkhondo kupita ku Malawi. Mtanda padalibe. Titabwerako mudzi wonse udali thengo. Mtengo uwu ndiwo udatisonyeza pamene ali."

Ndidachotsa phazi limodzi, lina osadziwa koliika. Kenaka ndidachita chopusa chachiwiri: ndidayesa kubwezera kachidutswako m'bowo. Kadathyokera m'manja mwanga, iwo akuyang'ana. Ndidapepesa kuti desculpa kangapo konse, koma mawu a kusukulu sadakwanire pamalo pamenepo, ndipo a Chichewa adandithawa. Manyazi otere sindidawamvepo chibadwire.

Amalume aja adandiperekeza kumsewu kukadikira chapa, kaminibasi ka kwathu kuno. Njira yonse adangonena kuti yankho ndidzalimva.

Yankholo lidabwera pafoni, Lucrécia akulira. "Amayi akuti sadakwiye, mwina mtengowo uchira. Koma akuti mwamuna amene amafika pakhomo n'kuyamba kufunsa mtengo asanafunse eni ake, adzaboola zambiri."

Ndidatuma amalume anga kukapepesa ndi nkhuku. Nkhukuyo adailandira, ine ayi. Monografia ndidasintha mutu, ndidalemba za mbaula zosawononga nkhuni. Lucrécia adakwatiwa ku Tsangano ndi mlimi wa mbatata, munthu amene ndikukhulupirira kuti dzuwa amangolidziwa poyanika nyemba. Ndidamva kuti mayi aja amamata bowolo ndi dothi mvula ikayandikira, ndipo zimenezi zimandiwawa kuposa banja lija.

Masiku ano ndikaona mtengo wokhawokha pakati pa munda, ndimavula chipewa n'kudutsa patali. Kenaka, ndisaname, ndimacheuka n'kuyamba kuyerekeza zaka zake.