Linthumbu pamaso pa malume ake a Esinati

Mpaka lero ku esiteti kwathu ku Thyolo kuli amayi ena amene akandiona amayamba aseka kaye asanandipatse moni. Sindiwaimba mlandu. Anaona zimene sanayenere kuona.

Masiku amenewo ndinkagwira ntchito kufakitale ya tiyi, ndipo anzanga ankanditcha Wofatsa chifukwa makina akavuta, ena akuthamangathamanga, ine mtima unkakhala m'malo. Dzinali ndinkalinyadira kwabasi. Kenaka mtima womwewo unagwa pa Esinati, mtsikana wothyola tiyi. Malume ake, a Mulipa, anali kapitao, ndipo anatumiza mawu akuti asanalandire ankhoswe anga, akufuna andione kaye kumunda.

Mayi anga anandilangiza: "Ukakafika, ukaime malo amodzi. Osayendayenda, osadzikanda. Akuluakulu amaona zimenezo."

Unali m'mawa wa dzinja, mvula itangokata, tiyi ali biriwiri mpaka kuphiri. Fungo la masamba onyowa lija ndimalimvabe. Ndinavala thalauzi langa lopitira kutchalitchi. A Mulipa anandiimika pakanjira ka pakati pa mizere, amayi akuthyola chapafupi, madengu kumsana, makutu onse kwa ife.

"Kwanu n'kuti, achimwene?"

"Ku Thekerani, bambo."

Pomwepo china chake chinanditsina pakakolo. Kuponya diso pansi, ndaima pakati penipeni pa mzere wa linthumbu (amene simulidziwa thokozani Mulungu: likaluma limalolera kuduka mutu, osasiya). Ndinakumbukira mawu a mayi. Ndinaima nji.

"Mumapemphera?"

"Kwambiri, bambo." Linali litafika m'mawondo, ndipo ndinkapempheradi.

"Nanga mowa?"

"Ayi, bambo." Apa linali m'ntchafu, mawu anga atasanduka oti n'kulowa nawo kwaya ya amayi. Thukuta linali kamukamu.

"Misoziyo bwanji?"

"Ndi chimwemwe, bambo."

A Mulipa anapinda manja. "Chabwino. Tsopano tandifotokozerani bwinobwino, musafulumire, mwana wathuyu mudzamusamala bwanji?"

Linthumbu linafika pamalo poti sindingatchule (nkhani ino akuwerenganso ana anga). Kufatsa kunathera pomwepo. Ndinakuwa kuti "Mayo ine!", lamba uko, thalauzi uko, n'kuyamba kudumpha ndikudzimenya ngati ndikuvina tchopa. Amayi aja anaseka mpaka masamba kutayika m'madengu. Esinati anabisa nkhope m'chitenje. Mumtima ndinati ukwati watha usanayambe, ndipo zimenezo zinandipweteka kuposa linthumbu.

A Mulipa okha sanaseke. Anatola thalauzi lija, kulikutumula, n'kundipatsa.

"Linthumbulo ine ndinaliona kalekale," anatero. "Ndimadikira kuti musunthe. Phazi limodzi lokha, kubwera apa, basi. Achimwene, kupirira muli nako, koma nzeru mukabwereke. Esinati ndikupatsani, kuti azikuuzani nthawi yosuntha."

Papita zaka zambiri. A Mulipa anatisiya, ndipo ndimawasowa, makamaka ndikadutsa pakanjira kaja. Koma kunena zoona sindinasinthe. Vuto likandigwera ndimangoti zii, n'kumadzinamiza kuti ndiko kukhala mwamuna wodekha. Esinati safunsa zambiri. Amangondiyang'ana kuyambira kumapazi, n'kunena motsitsa mawu:

"Bambo a Chifundo, lafika pati?"