A Orvetta ndi Mipando Yopanda Ana

M'boma lathu lonse, kuyambira kuminda ya tirigu mpaka kumakola a ng'ombe akumadzulo, panalibe munthu wodana ndi mpando wopanda mwana ngati malemu a Orvetta Pruitt. Ankayendetsa basi yachikasu ya sukulu, ndipo akasuzumira pakalilole n'kuona mpando uli mbee, mutu unkawawawa tsiku lonse. Ndinene poyambirira kuti ine sindinkawakonda. Anthu amati ndinali ndi nsanje. Eya, ndinali nayo, ndipo sinathe.

Mukudziwa mmene zilili kuno. Sukulu ndi imodzi boma lonse, ndipo chaka chilichonse akuluakulu amawerenga ana. Akachepa kwambiri amatseka, ana n'kumadzuka kusanache kukaphunzira kuboma la eni. A Orvetta anasenza nkhani imeneyi pamutu pawo, chikhalirecho analibe mwana ngakhale mmodzi wa m'mimba mwawo. Ankangodyerera adzukulu a anzawo, makamaka anga.

Paukwati wa mwana wanga Dwight, anthu anabweretsa mbale ndi mabulangete. Iwo anabweretsa kachikwama ka sukulu.

"Charlene mwanawe," anauza mkwatibwi, "mpando wakutsogolo ndakusungira. Usachedwe."

"A Orvetta, keke sitinadule n'komwe!" ndinatero.

"Ndiye dulani msanga, Mayi Tolliver. Sukulu sidikira keke."

Patapita miyezi anandigwira dzanja pakhomo la tchalitchi, anthu onse akumva.

"Mwayamba kuluka tizipewa?"

"Ta ndani?"

"Aa! Simukudziwa? Mpongozi wanu wasiya khofi. Ndikamadutsa m'mawa akumakhala pakhonde akuyamwa ndimu."

Taganizani! Ine, mayi wake wa Dwight, kumva za mdzukulu wanga woyamba kwa dalaivala! Charlene analumbira kuti ngakhale mwamuna wake anali asanamuuze.

Alendonso sankapulumuka. Banja lina galimoto inawafera pamsewu waukulu akupita kwina. A Orvetta anaima, anasuzumira kumbuyo, n'kuona timitu tambirimbiri. Pofika madzulo bamboyo anali atapezeredwa ntchito kunkhokwe za tirigu, mayiyo nyumba, ndipo makaniko anali atauzidwa kuti asafulumire. Banja limenelo, la a Quintero, lilipo mpaka lero. Galimotoyo mwina ikadali kwa makaniko.

Koma chimene sindidzakhululuka ndi Tsiku la Agogo kusukulu. Ndinavala diresi langa labuluu, ndinaphika chitumbuwa cha maapulo chimene boma lonse limachidziwa. Mdzukulu wanga Tessa, mwana wanzeru kuposa onse m'kalasi mwake, sikuti ndikudzitama, anajambula chithunzi n'kulemba pamwamba kuti "Agogo anga". Ndinavala magalasi. Agogowo anali atagwira chiwongolero.

"Iwe Tessa, nanga ine ndili pati?"

"Muli m'nyumba, agogo. Simukuoneka."

A Orvetta anaseka mpaka kutsokomola, kenako anadya chitumbuwa changa magawo awiri.

Ndiye kunabwera chaka cha chilala. Dwight anagulitsa ng'ombe n'kulengeza kuti akusamukira kumzinda ndi ana onse anayi. Ndinalira. Ndinakalipa. Ndinamukumbutsa mmene ndinavutikira pomubala. Ndinagona pabedi nditagwira pamtima mpaka ndinatsala pang'ono kudwaladi. Mwanayo ngati ndikulankhula ndi mtengo.

M'mawa wosamukawo, katundu ali kale palole, tinangomva hutala. A Orvetta anapingasa basi pachipata, mphuno kumpanda uku, matako kumpanda uko, n'kuzimitsa. Kenako anatulutsa zoluka zawo.

"Mayi, tachotsani basiyi," anatero Dwight.

"Yafa."

"Yafa bwanji? Ndaimva ikulira pompano!"

"Yafa ndi chisoni. Ukachotsa anayiwa sukulu yatha, ukudziwa. Ukufuna ana a anzako azikaphunzira kwa eni chifukwa cha iwe? Iwe amene unandisanzira m'basi uli kalasi yoyamba, ine n'kunamizira galu?"

Ana a m'basimo anali atatulutsa mitu m'mawindo, akuitana adzukulu anga mmodzimmodzi. Anayiwo anathamanga, anakwera, n'kukana kutsika. Dwight anazungulira basiyo, anavula chipewa, anachivalanso. A Orvetta osakweza maso pa zoluka zawo anati, "Achimwene anga akufuna munthu wokonza mathirakitala. Ndawauza kale kuti uyamba Lolemba."

Pofika masana katundu anali atabwerera m'nyumba.

Ndinasangalala, inde. Adzukulu anga ndimawaona tsiku lililonse chifukwa cha mayi ameneyo. Koma mwana ndinabala ine, misozi yanga sanaimve, n'kukamvera basi! Ndinawapititsira chitumbuwa chothokoza, koma ndinasankha chopserera pang'ono.

A Orvetta anatisiya chaka chatha m'nyengo yachisanu, ali m'tulo. Pamaliro basi ndi imene inatsogolera, amuna andevu amene anawanyamula ali ana atapanikizana m'timipando, mawondo kukamwa, akulira osabisa. Emmett, mdzukulu wanga wamng'ono, anandikoka malaya.

"Agogo, inu mukadzafa basi idzabweranso?"

"Khala chete, iwe."

Ndinalira kwambiri tsiku limenelo, ndipo sindikudziwa kuti ndinkalira chiti.

Woyendetsa watsopano ndi munthu wabwino. Amafika nthawi yake, safunsa za mimba ya munthu, saona amene wasiya khofi. Maukwati akutha bwinobwino popanda wochititsa manyazi mkwatibwi, ndipo ndi osakoma. Mabanja angapo asamuka mwakachetechete, palibe anawatsekera njira. Basi ikamadutsa madzulo ndimaona kuwala kukudutsa m'mawindo mbali ina mpaka ina, mipando ili mbee. Akuluakulu ayambanso kunong'onezana zotseka sukulu.

Tsopano adzukulu ndi anga ndekha, palibe wolimbirana naye. Koma sabata yatha ndinamva kuti Dwight akupita kumzinda kukaona nyumba. Ndinadzuka m'mamawa, ndinatenga kagalimoto kanga, n'kukapingasa pachipata chake. Ndinazimitsa. Ndinapinda manja.

Anatuluka, anandiyang'ana kwa kanthawi, n'kundipsompsona pachipumi kudzera pawindo.

"Mwadzuka bwanji, amayi?"

Kenako analiza lole yake, anandilambalala podutsa pakapinga, n'kupita.

A Orvetta inu, kumene muliko sekani. Kagalimoto kanga n'kakafupi.