Makina Oyezera Mafuta Agwira Chibwano

Pulani inabadwira pa botolo lachinayi. Mwini wake anali Pulofesa, amene anasesapo khonde la labotale ina kwa milungu iwiri, basi n'kudzitcha wasayansi.

"Aise, muli chimakina chonga thanki mmenemo," anatero. "Amaika kachubu ka mafuta ophikira, icho n'kuona momwe tizidutswa take talumikizirana, mpaka pomwe unyolo wake wapindika. Kupindikako n'kumene kumaletsa mafuta kuundana. Wogula alipo kale!"

Mnzake Mphwayi anawomba m'manja ngakhale sanamvepo kanthu. Wachitatu wawo, Chibwano, yekha ndiye ankakayika. Mkazi wake anali atamuuza m'maso muli gwa: "Bambo a mwana, mukadzangolowanso m'selo, za ine muiwale." Chibwano ankamukonda zedi mkaziyo, koma botolo lachisanu linafika.

Mawa lake masana, antchito atapita kukadya, atatuwa analowa mu labotale muja atavala maovolosi ngati okonza makina. Mphwayi ankakankha wilibala. Chibwano anali atadzaza masipanala m'matumba onse, akulira ngwelengwele.

Pachitseko panali chithunzi cha sipanala yodulidwa ndi mzere wofiira.

"Madala, ichi n'chiyani?" anafunsa Chibwano.

"Akuti osakonza popanda chilolezo," anayankha Pulofesa. "Ife sitikukonza, tikuba."

Atangoyandikira chimakinacho, wilibala anapulumuka m'manja mwa Mphwayi n'kukadziwomba pomwepo, khoo! Chibwano asanaseke n'komwe, matumba ake anatsogola, mwini wake n'kutsatira. Anakamatirira pachimakinacho chapamimba, manja tambalale, ngati wakumana ndi m'bale wosowa.

"Mayo! Chandigwira!"

"Usapanike, aise!" Pulofesa anasolola chitsulo chokanulira zitseko. Nachonso chinauluka, n'kupanikiza mkono wa ovolosi ya Pulofesayo pachimakinacho.

Mphwayi, munthu wachifundo, anathamanga kukaitana mlonda kuti adzawathandize.

Mlonda anabwera ndi mayi wasayansi, kapu ya tiyi ili m'manja. Mayiyo anayang'ana kompyuta kaye, akuba pambuyo.

"Mafuta anga a mpendadzuwa! Ndakhala ndikuwayeza kuyambira m'mawa, inu mwasokoneza zonse!"

"Pepani mayi, thimitsani magetsi," anachonderera Chibwano.

"Ameneyo ndi maginito, bambo. Sazima olo magetsi athime."

"Paja ndinkasesa khonde lokha," anang'ung'udza Pulofesa. "Muno ankandikaniza ndi ndowa yanga. Ndinkayesa n'kunyada."

Sizasi sikanatha kulowa m'chipinda cha maginitocho, choncho apolisi atafika anang'amba ovolosi ya Chibwano ndi manja. Iye anatuluka ndi kabudula wam'kati yekha, n'kuuzidwa kuti aimbe foni kunyumba amubweretsere chovala.

Mkazi wake anafika ku polisi ola lisanathe. Sanakalipe, sanalire. Anapereka buluku losita bwino, ndipo Chibwano anamva mtima kukhala pansi.

"Zikomo, mayi a mwana. Ndimadziwa kuti simungandi..."

"Dikirani, sindinathe," anatero mayiyo.

Anatuluka panja, n'kubwerera akukoka sutikesi ya zovala zake zonse.