Nyimbo Khumi ndi Imodzi Zimene Sizinalire

A Kaundula, osoka nsapato a pakona pa msewu wathu, sankamvera nyimbo popanda kuilemba. Nyimbo ikatha ankaika nyundo pansi, kupukuta ulimbo kuzala, n'kutsegula kope: tsiku, ola, dzina la nyimbo, kenako misomali. Nyimbo yozizira ankaijambulira msomali umodzi, yowafika pamtima misomali isanu. Anayamba Lolemba pa 3 Juni 1974, ndipo pomwalira anasiya makope makumi anayi, chaka chilichonse lakelake. Dzina la Kaundula linachokera pomwepo, la makolo awo n'kuiwalika.

Nyimbo zake zinali za roko, zija za magitala amagetsi ndi ng'oma zogunda ngati mabingu. Pakhonde pawo panali lamulo limodzi: nyimbo ikamalira, munthu asayankhule. Wobwera ndi nsapato yong'ambika ankaima ndi phazi limodzi mpaka woimba atamaliza kukuwa.

"Bambo, ndikuchedwa kuntchito," wina ankadandaula.

A Kaundula ankangokweza chala. Ikatha ankayamba alemba, kenako n'kucheuka. "Mwati chiyani? Soli? Mukanafika pakati pa nyimbo ziwiri, bwenzi pano mutapita."

Akazi awo, Amake Mapasa, anakwatiwa mu 1979 n'kupeza wayilesi itakhazikika kale m'nyumba ngati mkazi wamkulu. Roko sanaikondepo ngakhale tsiku limodzi. Ankati ndi phokoso la anthu amene akugwetsa mapoto mwadala. Koma mwamunayo ankamukonda, ndiye anapirira mapotowo.

Wowerenga makopewo amaona munthu akusintha pang'onopang'ono. Oyambirira adzaza nyimbo zothamanga, zovinika, za anyamata oimba za atsikana ndi magalimoto. Mu 1983, atagula wayilesi ya makaseti ndi sipika yaikulu ngati kabati, a Kaundula analowa m'zolemera, za oimba a tsitsi lofika m'chiuno, okuwa ngati apondedwa chala ndi ng'ombe. Mapasa awo anazolowera kugona m'phokoso limenelo, moti tsiku lina magetsi atazima analira usana wonse.

Chaka chilichonse pa 31 Disembala masana, a Kaundula ankawonkhetsa zonse n'kulengeza nyimbo imene aimvera kambiri kuposa zina. Mnzawo wa shopu yoyandikana ndi khonde lawo, amene tonse tinkangowatchula kuti Ometa, ankabwera ndi mpando wawo kudzamva. Lachinayi pa 31 Disembala 1998 chilengezo chinachedwa. A Kaundula anawonkhetsa katatu, thukuta lili kamukamu. Yopambana inali kanyimbo kofatsa, ka gitala wopanda magetsi, ka bambo wodandaula kuti pakhomo patsala zii. Anali atakamvera maulendo 212. Chinali chaka chimene mapasa anapita kusukulu yogonera komweko.

"Achimwene, mwakalamba," anatero Ometa akudzigwira m'mimba ndi chiseko. "Mkango wayamba kudya udzu!"

"Inenso ndadabwa."

"Fufutani pang'ono, ipambane ina ya okuwa aja. Akuonani ndani?"

A Kaundula anavula magalasi. "Ndikafufuta lero, makope makumi awiri ndi asanu onsewa asanduka mapepala okulungira nsapato. Pakamwa panga pakhoza kunama kuti ndimakonda zakuti. Koma khutu ukamalilemba tsiku ndi tsiku, limakuulula. Kope silinama."

Anaimirira n'kulengeza kanyimbo kofatsako mokweza, ngati munthu wovomera mlandu. Amake Mapasa anamva zonse ali kukhitchini, ndipo iwo sanaseke. Tsiku limenelo anadziwa kuti ulemu wonse wa amuna awo unali m'makope aja, osati m'nsapato.

Kwa zaka khumi zotsatira nyimbo zofatsa zinachuluka, ngakhale sipika sinatsitsidwe mawu. Kenako linafika Loweruka la pa 17 Okutobala 2009. Amake Mapasa anadzuka ndi mutu wowang'amba pakati. Masana, amuna awo atapita kukagula ulusi, anakwera pampando n'kuzula waya kuseri kwa sipika, imene inkakhala pashelefu pamwamba. Mumtima ankati bamboyo adzadandaula, adzafufuza chavuta, iwo n'kupezako ola limodzi la mtendere.

A Kaundula anabwera, kuika kaseti, kudina batani. Kagetsi kofiira kanayaka, timagudumu ta kaseti n'kuyamba kuzungulira. Pakhonde panali zii. Amake Mapasa anaima pachitseko kudikira mkuwo.

Mkuwo sunabwere. A Kaundula anatenga nsapato, mutu n'kuyamba kugwedezeka. Patapita mphindi zinayi anayang'ana timanambala toyenda pawayilesi, kuika nyundo pansi, n'kulemba. Kasetiyo, ya nyimbo khumi ndi imodzi, ankaidziwa pamtima. Analemba yachiwiri, yachitatu. Yachisanu ndi chiwiri anaipatsa misomali isanu.

Ometa anatulukira atagwira sizasi. "Alamu, kwagwa zovuta? Msewu wonse wangoti duu."

"Palibe. Ndi waya chabe. Bwererani, mwasiya munthu ndi theka la mutu," anayankha Amake Mapasa.

"Nanga achimwenewo akugwedezeranji mutu?"

"Ndati bwererani, alamu. Ndipo simunaone kanthu."

Ometa anawayang'ana a Kaundula, kuwayang'ana mayiwo, n'kubwerera kushopu kwawo.

Amake Mapasa anakhala pansi pakhitchini, mutu uja utaiwalika. Makutu a amuna awo anali atatseka, ndipo iwo, ogona nawo chipinda chimodzi, sanadziwe. Lamulo loletsa kuyankhula lija ndi limene linabisa zonse. Miyezi imeneyo bamboyo ankawayang'anitsitsa pakamwa akamalankhula, iwo n'kumayesa chikondi cha ukalamba.

Tsono akanatani? Kuwauza kunali kuwavula bamboyo pagulu, ndi kuwadziwitsa kuti m'kope lawo mwalowa mabodza khumi ndi limodzi. Ankawadziwa bwino: akanatseka kope tsiku lomwelo osalitsegulanso, ndipo a Kaundula opanda kope akanatsala mkulu wogontha wokhomerera zidendene. Kusawauza kunali kusiya bodza m'chinthu chokhacho chimene bamboyo ankanyadira kuti n'choona. Kaseti itatha analumikizanso waya, n'kusankha kukhala chete.

Lolemba m'mawa anaitana Ometa kuti awathandize kutsitsa sipika pashelefu, n'kuikhazika pathebulo lomwe amuna awo ankasokerapo.

"Amayi, n'chiyani chimenechi?" anafunsa a Kaundula.

"Pashelefu ndikufuna kuikapo maluwa," anayankha mayiwo, akutsegula pakamwa bwinobwino.

"Maluwa? Pakhonde la nsapato?"

"Ee, maluwa."

Maluwawo sanabwere. Koma ng'oma yoyamba itagunda, thebulo linanjenjemera, misomali n'kuyamba kuvina m'chitini. A Kaundula anaika chikhatho pathabwa. Anakhala choncho mpaka nyimbo inatha, ndipo kwa nthawi yoyamba chikwatirane, akazi awo anawaona akuchedwa kutenga pensulo.

Kuyambira pamenepo nyimbo zofatsa zinayamba kusowa m'makope. Gitala wopanda magetsi sadutsa m'thabwa. Zinabwerera zolemera zija za m'ma 1983, ndi zina zatsopano zoposa pamenepo, zimene mapasa ankawatumizira, zogunda mpaka makapu ankayenda okha m'kabati. Anthu a mumsewu ankati mkuluyo wabwerera kuunyamata.

"Achimwene, mano amera kachiwiri?" ankafuula Ometa, ngakhale ankadziwa chifukwa chake.

"Kope ndi limene likunena, osati ine," ankayankha a Kaundula monyadira.

Amake Mapasa anapirira phokoso loposa la zaka zonse, thonje lili m'makutu. M'mawa uliwonse, asanasese, ankayamba aona ngati waya uli m'malo mwake. Koma nyimbo khumi ndi imodzi zija zinkawadya ngati chiswe, makamaka pa 31 Disembala, amuna awo akaimirira kulengeza.

Mu Epulo 2013 a Kaundula anagwidwa ndi chifuwa chimene sichinamve mankhwala. Anapempha kuti makope onse aunjikidwe pafupi ndi bedi. Lachinayi pa 9 Meyi, dzuwa litakwera, anawaitana akazi awo.

"Amayi, nsapato za anthu mwabweza zonse?"

Mayiwo anagwedeza mutu.

"Chabwino. Nyumba sindinamange yaikulu, galimoto sindinagule. Koma makopewa muwasunge. Zidzukulu zidzadziwe kuti agogo awo anasiya chinthu chopanda bodza ngakhale limodzi."

Amake Mapasa anayang'ana mulu wa makopewo. Akanatha kugwedezanso mutu, bamboyo n'kupita mumtendere. Koma akanawasunga bwanji makopewo, n'kuwauza chiyani adzukuluwo? Anatenga pensulo, n'kulemba kuseri kwa kaenvulopu ka mankhwala: "17 Okutobala 2009, masana. Ndinazula waya. Sipika sinalire."

A Kaundula anawerenga kwa nthawi yaitali. Mayiwo anayang'ana pansi.

"Ndipatseni la 2009. Ndi rula."

Anapeza tsikulo, n'kudula mizere khumi ndi umodzi, umodziumodzi. Kenako anatsegula tsamba lomaliza n'kuyamba kuwonkhetsanso.

"Zinazo zinalira ndithu," anatero osadzutsa mutu, "ngakhale ndinkazimva ngati zochokera kuseri kwa phiri. Koma izi ndinazimvera m'mutu mwanga mokha. Sizowerengedwa." Anayang'ananso manambala. "Yopambana yatsika ndi kamodzi. Yafanana ndi yachiwiri. Kaitaneni Ometa, ndilengezenso."

Ometa anabwera ndi mpando wawo, kukhala kumiyendo kwa bedi, n'kumvetsera zotsatira za 2009 mwaulemu, chipewa chili m'manja. Atatuluka, a Kaundula anawayang'ana akazi awo.

"Ndiye mwakhala mukudziwa chiyambire tsiku limenelo?"

Mayiwo anavomera ndi mutu.

"Ndi maluwa aja?"

Anavomeranso.

"Ine ndimayesa ndakupusitsani," anatero bamboyo, n'kuseka mpaka chifuwa chinawatsamwitsa. Chitatsika anagwira dzanja la akazi awo. "Mapoto onse aja munawapirira chifukwa cha ine. Koma mukanandiuza msanga, amayi. Chinthu chosakonza chakhala m'kope zaka zitatu ndi theka."

Anamwalira Lachiwiri pa 21 Meyi 2013, m'mawa.

Msewu wathu tsopano ukumva zinthu zimene sunkazimva. Tadziwa kuti mpopi wa pakona umadontha, kuti Ometa amaliza mkonono masana akasowa wometa, ndi kuti banja la kutsidya, limene tinkalitenga ngati chitsanzo, limakangana Lachisanu lililonse. Anthu amene kwa zaka makumi anayi ankatemberera magitala aja, lero akadutsa pakonapo amachepetsa liwiro, n'kuyang'ana khonde ngati aiwala kanthu.

Patatha mwezi, Ometa anawapeza Amake Mapasa atakhala pakhondepo, manja ali pamiyendo.

"Alamu, chete ameneyu atidwalitsa. Bwanji ndiike kaseti imodzi, ngakhale ya okuwa aja? Tingomva pang'ono."

Mayiwo anaiyang'ana wayilesiyo.

"Ayi, alamu, isiyeni. Ikalira, alembe ndani?"